KASINGANO KAKAYAMBA KUBVINA, MUSAFULUMIRE KUGULA KOILO

Uthenga wa maliro a malume athu unatipeza ku Lusaka pa Lacitatu madzulo, ndipo unati mwambo woika udzacitika pa Lacisanu m'mawa kumudzi kwathu, kufupi ndi Katete. Tinanyamuka pa Lacinai mbandakuca, anthu asanu m'galimoto yakale ya Toyota Corolla, ija ya mtundu wa KE70 imene inayamba kupangidwa mu 1979. Ulendo wa makilomita pafupifupi 500 sunatidetse nkhawa, popeza galimotoyo inali itauyenda kambiri, ndipo tinali kuyembekeza kukagona pa siwa pamodzi ndi abale athu usiku womwewo.

Titapitirira Rufunsa, pamene mseu uyamba kukhotakhota m'mapiri otsikira ku mtsinje wa Luangwa, injini inayamba kutsamwa. Masiku amenewo mseuwo unali ndi maenje ambiri. Galimoto ikagunda dzenje, injini inali kudukiza, ku ekizozi nkumveka kuphulika ngati mfuti ya gogodela, kenaka zii. Tikaikankhira pambali ndi kudikira pang'ono, inali kuliranso bwinobwino monga ngati palibe cimene cacitika.

Pa kamsika kena ka m'mbali mwa mseu tinapeza mnyamata wokonza magalimoto. Iye anagwira koilo, nacotsa dzanja msanga cifukwa inali yotentha kwambiri, ndipo anagamula kuti yapsa. Tinagula ina. Titayenda makilomita owerengeka cabe, matenda aja anabweranso. Tinabwerera kwa iye, ndipo ulendo uno anati ndi pampu ya petulo. Tinagulanso, ndi ndalama zimene tinasonkha kuti tikagulire ufa ndi ndiwo pamaliro. Usiku unatipeza titaoloka mlatho wa Luangwa, tikali kuima ndi kuyenda, ndipo tinagona m'galimoto momwemo kufupi ndi Kacholola.

M'mawa mwace tinadzikoka kufika ku Nyimba, kumene anthu anatilozera kwa bambo wina wacikulire amene anali kukonzera magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yace. Iwo anamvetsera nkhani yathu yonse osatsegula boneti. Titatha, anasuzumira mkati mwa galimoto naloza kamita kozungulira kamene mwini wace woyamba wa galimotoyo anamangirira pambali pa ciongolero.

"Pepani ndi maliro, ana anga," anatero. "Koma tandiuzani, pamene injini inali kuzima, kasingano aka kanali kucita ciani?"

Tinayang'anana. Woyendetsa anati maso ace anali pa maenje. Amene anayankha ndi mwana wa mlongo wathu, mtsikana wa zaka 12, amene ulendo wonse anakhala pakati pa mpando wakumbuyo.

"Agogo, kanali kulumphira m'mwamba, kenaka nkugwa pansi, galimoto ikali kuthamanga."

"Kanali kutsika pang'onopang'ono, kapena kugwa kamodzi?"

"Kamodzi, agogo, monga mwala."

"Basi, mdzukulu wangayu wandiuza matenda. Petulo alibe mlandu."

CIMENE KASINGANO KAWERENGA

Kuti timvetse cifukwa cace yankho la mwana linaposa nzeru za akulu anai, tiyenera kuyamba taona nchito ya mita imeneyi. Azungu amati tachometer, pamene oyendetsa athu amangoti mita ya marevu. Iyo ionetsa kuti injini izungulira kangati pa mphindi imodzi. Kasingano kakaloza pa 3, ndiye kuti injini izungulira nthawi 3,000. Ambiri a ife timaiyesa cokongoletsa, ndipo maso athu amakhala pa mita ya liwiro ndi ya mafuta.

M'galimoto ya petulo yacikale, mita imeneyi ilibe cingwe cofika ku mawilo kapena ku giya. Iyo ingomvetsera koilo. Mkati mwa koilo muli mawaya awiri a mkuwa okulungidwa pa citsulo: wina wonenepa, wozungulira nthawi mazana ocepa, ndi wina woonda monga tsitsi, wozungulira nthawi zikwi zambirimbiri. Magetsi a batire, a mavolti 12, amalowa pa nsonga ya koilo yolembedwa + nadutsa m'waya wonenepa uja, naturuka pa nsonga yolembedwa −, napita ku mapointi a mu distribyuta, amene akatsekeka amawapereka ku citsulo ca injini. Nthawi yonse imene mapointi ali otseka, koilo imadzaza mphamvu ya maginito. Akangotseguka, njira ya magetsi imaduka mwadzidzidzi, ndipo m'waya woonda uja mumabadwa mavolti 15,000 kapena kuposa, amene amalumpha pa mlomo wa pulagi ndi kuyatsa petulo. Pambali pa mapointi pali kondensa, kacitini kakang'ono kamene kamaletsa moto kulumpha pa mapointiwo ndi kuwaocha. Njira yonseyi inakonzedwa ndi Charles Kettering wa ku Dayton m'dziko la America, ndipo inayamba kugwira nchito m'magalimoto a Cadillac mu 1910. Inakhalitsa m'magalimoto ambiri mpaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980.

Tsono waya wa mita ya marevu umalumikizidwa pa nsonga ija ya −, pamodzi ndi waya wopita ku mapointi. Pa makoilo a ku Ulaya nsongayi imalembedwa 1, ndipo inzace 15. Pa akale a Lucas mupeza CB ndi SW. Mapointi akatseguka, mita imamva kugunda kumodzi. Injini ya masilinda anai imafuna moto kawiri pa kuzungulira kumodzi, cotero pa marevu 3,000 mapointi amatseguka nthawi 6,000 pa mphindi, ndiko kuti nthawi 100 pa sekondi imodzi. Kugunda kumeneku ndiko kokha kumene kasingano kadziwa. Za petulo, za kabyuleta, ngakhale za mapulagi, sikazidziwa konse.

Umbuli umenewu ndiwo umapangitsa kasingano kukhala mboni yabwino. Galimoto ikakhala m'giya ndipo ithamanga, mawilo amapitiriza kuzunguza injini ngakhale itazima. Ngati casowa ndi petulo, mapointi amatsegukabe ndi kutsekeka monga mwa masiku onse, ndipo kasingano kamatsika pang'onopang'ono pamodzi ndi liwiro la galimoto. Koma kakagwa pa 0 kamodzinkamodzi pamene mawilo akali kuzungulira, ndiye kuti kugunda kuja kwaleka, ndipo bvuto liri panjira ya magetsi ang'onoang'ono: pa kiyi, pa waya wofika ku koilo, mkati mwa koilo, pa mapointi, pa kondensa, kapena pa waya wina uliwonse wolumikizidwa pamenepo. Injini ikamadukiza koma kasingano kali ciriri, kawirikawiri tiyenera kuyang'ana mbali ya magetsi akulu, ndiyo mapulagi, zingwe zace, cibvundikiro ca distribyuta ndi kacala kozungulira m'kati mwace, kapenanso kabyuleta. Ndipo kasingano kakamabvina kokha injini ikulira mosalala, wodwala ndi mita yeniyeniyo kapena mawaya ace, ndipo ulendo ungathe kupitirira.

ZIMENE ANACITA BAMBO A KU NYIMBA

Cida cimene anaturutsa m'thumba cinali babu laling'ono la galimoto, lomangiridwa ku mawaya awiri. Aliyense angathe kudzipangira. Waya umodzi anaupanitsa pa citsulo ca injini. Atauza woyendetsa kuti atsegule kiyi, anakhudza nsonga ya + ndi waya winawo, ndipo babu linayaka. Magetsi anali kufika. Kenaka anasamukira ku nsonga ya − nati alize sitata. Pamenepa babu liyenera kuphethira: limayaka mapointi akatseguka, nkuzima akatsekeka. Likangoyaka osazima, ndiye kuti mapointi sakutsekeka bwino, mwina ndi akuda kapena opsa, kapena waya wopita kwa iwo waduka. Likakhala lozima osayaka, ndiye kuti mapointi sakutseguka, kapena pali cina cimene cikuba magetsi ndi kuwapereka ku citsulo asanafike ku mapointi.

Lathu linaphethira bwinobwino, ndipo injini inalira. Tinagwa mphwayi, popeza matenda obisala pamaso pa sing'anga ndiwo obvuta koposa. Koma bambo aja sanatekeseke. Injini ikulira, anayamba kugwedeza mawaya limodzi ndi limodzi, mofatsa, kuyambira ku batire, akusamala manja ao ku fani ndi lamba wace. Kuona maso a nkhono nkudekha. Atafika pa waya wina woonda wobiriwira umene unacokera pa koilo kulowera m'kati mwa galimoto, anangoukoka pang'ono, ndipo injini inatsamwa, kasingano nkulumpha. Anaukokanso, injini inazima.

Unali waya wa mita ya marevu yomweyo. Amene anamanga mitayo anaboola kabowo pa cipupa ca citsulo colekanitsa injini ndi anthu okwera, napisa waya popanda kuikapo kamphira kochinjiriza. Kwa zaka zambiri mphepete yakuthwa ya bowolo inali kudya pulasitiki ya wayawo, kufikira mkuwa unaonekera, malo ocepa ngati njere ya mpunga. Pa mseu wosalala mkuwawo sunali kukhudza citsulo. Pa dzenje unali kukhudza, ndipo nsonga ya − inali kulumikizika ku citsulo mwacindunji, monga ngati mapointi atsekeka osatsegukanso. Moto unali kuleka, kasingano nkugwa. Ukamakhudza ndi kuleka mofulumira, mita inali kumva kugunda koonjezera, ndiko kulumpha kumene mwana anaona. Petulo wosapsa anali kudzaza mu ekizozi ndi kuphulika moto ukabwerera. Ngakhale kutentha kwa koilo kunali ndi cifukwa cace: magetsi anali kudutsamo osapumira nthawi yonse imene tinaima pambali pa mseu kiyi ali wotsegula. Mnyamata uja sanalakwe ponena kuti koilo yatentha. Analakwa posafunsa cimene caitenthetsa.

Pamenepa pali phunziro limene lingakupulumutseni m'thengo. Ngati galimoto yanu ya mapointi yazima ndipo mukayikira mita ya marevu, masulani waya wace pa koilo ndi kusiya wa ku distribyuta wokha. Injini siifuna mita kuti ilire. Pali magalimoto ena akale a ku Britain, a mita za Smiths zolembedwa RVI, m'mene magetsi a koilo amadutsira pa mita yeniyeniyo, ndipo mwa amenewo kudula waya kumazimitsa injini; koma otere ndi osowa m'miseu yathu.

MALO ENA OBISALAMO MATENDA

Tisanacoke, bambo aja anatsegula distribyuta natisonyeza kawaya kena kofewa, kafupi ngati cala, kamene kali pa mbale yonyamula mapointi. Mbaleyo imasuntha pang'ono nthawi zonse woyendetsa akaponda kapena kuleka mafuta, ndipo kawayako kamapindika nthawi zosawerengeka mpaka tingwe tace timaduka m'kati, kunja kukuoneka kwabwino. Galimoto yotere imadukiza pa liwiro limodzi lokha, ndipo eni ace amatha miyezi akutsukitsa kabyuleta. Anapimanso mpata wa mapointi, umene pa injini ya 4K ya galimoto yathu uyenera kukhala mamilimita 0.45. Mpata ukacepa kwambiri mapointi amapsa. Ukakula, koilo siipeza nthawi yokwanira yodzaza, ndipo moto umafooka injini ikathamanga. Kasingano kakamanjenjemera pa marevu apamwamba okha, kayikirani kasipuling'i ka mapointi kuti kalema, kapena mtengo wa distribyuta kuti wadyeka ndipo ugwedera.

Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo ali ndi kacidutswa koyera ngati dothi loocha pafupi ndi koilo, kamene nchito yace ndi kucepetsa magetsi olowa mu koilo injini ikamalira. Poliza sitata, magetsi amakalambalala kuti moto ukhale wamphamvu. Kakaduka, cizindikiro cace ncosasokoneza: injini imagwira pamene mwapotoza kiyi, nkuzima mukangomuleka. Muyenera kudziwanso kuti koilo yopangidwira kacidutswa aka ndi yosiyana ndi inzace. Yoyambayo ikapimidwa pakati pa + ndi − ipereka pafupifupi ma ohm 1.5, pamene yosafuna kacidutswa ipereka pafupifupi 3. Mukamanga ya 1.5 popanda kacidutswako, idzatentha ndi kuocha mapointi. Ogulitsa ambiri safunsa za ici, ndipo ogula ambiri sacidziwa.

Koma mdani wamkulu wa magetsi a galimoto, monga tionera ife, ndi ethi. Magetsi onse ocoka ku batire ayenera kubwererako, ndipo njira yace yobwererera ndi citsulo ca galimoto, kudzera pa lamba wa mkuwa wolumikiza injini, thupi la galimoto ndi nsonga ya − ya batire. Dzimbiri la m'dzinja, fumbi la m'cilimwe ndi mafuta odontha zimadya malo olumikizirawo mwakacetecete. Mukaona kasingano kakusuntha pamene mwayatsa nyale, kapena kakugwedezeka pamodzi ndi kuphethira kwa indiketa, dziwani kuti zinthu ziwirizo zikulimbirana ethi imodzi yofooka kuseri kwa dashibodi. Mankhwala ace ndi sipanala ndi sandipepa: masulani, palani mpaka citsulo ciwale, mangani zolimba. Amene ali ndi mita yopimira magetsi apime batire: lodzaza lionetsa mavolti 12.6 injini itazima, ndipo injini ikulira pakati pa 13.8 ndi 14.5. Alternator imene yayamba kupereka magetsi osakhazikika nayonso imabvinitsa kasingano.

Pali bodza lina la kasingano limene siliri matenda konse. Mita zogula padera zimakhala ndi kabatani kumbuyo kolembedwa 4, 6 ndi 8, kosankhira ciwerengero ca masilinda. Mukamanga pa injini ya masilinda anai mita yoikidwa pa 6, idzaonetsa 2,000 pamene injini iri pa 3,000. Yoikidwa pa 8 idzaonetsa 1,500.

Tinenepo pano za zizolowezi ziwiri zimene zafala pakati pathu. Coyamba ndi kulumikiza mawaya powasenda ndi mano, kuwapota ndi zala ndi kukulungapo pepala la pulasitiki. Mfundo yotere imagwira lero, koma mvula ikangopita kamodzi imacita dzimbiri lobiriwira, ndipo imasanduka bvuto lobwera ndi kupita longa lathu lija. Caciwiri ndi kumanga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi yakupsa. Fyuzi imapsa kuti galimoto isapse. Amene acita zimenezi ayenera kuyembekeza utsi pansi pa dashibodi tsiku lina, mwina ana ali m'kati.

ZA DIZILO NDI ZA MAKONO

Ena mwa owerenga athu adzati galimoto yao ndi ya dizilo, iribe koilo kapena mapulagi a moto. Nzoona. Mwa zambiri zotere mita ya marevu imamvetsera alternator, pa nsonga yolembedwa W, ndipo mwa zina imamvetsera kacida komangidwa pa pampu ya dizilo. Ngati yanu imvetsera alternator, kasingano kakayamba kutsika kapena kubvina poponda mafuta, yambani mwagwira lamba wa fani, cifukwa akakhwepa amaterereka ndipo alternator imatsalira m'mbuyo mwa injini.

Magalimoto a petulo ocokera ku Japan amene adzaza m'mizinda yathu alibe mapointi. Ambiri ali ndi koilo yaing'ono pamutu pa pulagi iliyonse, ndipo amene amalamula moto ndi kompyuta. Kompyutayo imadziwa kuzungulira kwa injini kudzera pa sensa yokhala pafupi ndi crankshaft, ndipo ndiyo imatumiza uthenga ku kasingano. Ngakhale zida zasintha, umboni wa kasingano ukali womwewo. Pa magalimoto ambiri kamanyamuka pang'ono pamene sitata ikulira. Kakagona pa 0 osagwedezeka ndipo injini ikana kugwira, sensa ija, pulagi yace kapena waya wace ndizo zoyamba kukayikiridwa. Sensa imene yayamba kufa imakonda kuleka nchito injini ikatentha ndi kuyambanso ikazizira, ndipo mwini galimoto amasokonezeka monga tinasokonezekera ife. Pansi pa ciongolero pali soketi ya mabowo 16 polumikizira makina owerengera zolakwika, ndipo nambala P0335 iloza ku njira ya sensa imeneyi. Tinene momveka kuti nambalayo iloza njira yonse. Waya wodyedwa ndi makoswe, monga zicitikira galimoto ikagona pafupi ndi nkhokwe, upereka nambala yomweyo ngakhale sensa iri yamoyo.

Pa magalimoto amenewa babu lija la bambo a ku Nyimba lisakhudze mawaya a sensa kapena a kompyuta, cifukwa limakoka magetsi oposa amene zidazo zingapirire. Ndipo mcitidwe uja wocotsa waya wa batire injini ikulira, pofuna kuona ngati alternator ikugwira nchito, ungathe kuocha kompyuta m'kuphethira kwa diso. Pa galimoto iriyonse, yakale kapena yatsopano, musanamasule mawaya akulu cotsani waya wa − wa batire poyamba, musayese moto pafupi ndi petulo wotayika, ndipo musagwire zingwe za mapulagi injini ikulira.

Nchito ya bambo aja pa galimoto yathu siinathe ngakhale theka la ola. Anadula malo odyekawo, nalumikiza waya ndi mtobvu wosungunula, nadula kacidutswa ka paipi yakale ya mphira ndi kukapanikiza m'bowo muja kuti waya adutse m'kati mwace. Anabwezerapo koilo yathu yakale, imene inalibe cirema ciriconse, natipatsa yatsopano ija kuti tisunge. Titafunsa za malipiro, anachula ndalama yocepa kwambiri, nati pa maliro salipiritsa zambiri.

Kucokera ku Nyimba kudutsa Petauke ndi Sinda injini siinatsamwe ngakhale kamodzi, ndipo mtsikana uja sanacotse maso pa kasingano, akutiuza nambala yace pa dzenje lirilonse. Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Anthu anali atabwerako kale kumanda, ndipo adzukulu anali kutsuka makasu ao pa citsime. Azakhali athu ndiwo anatiperekeza madzulo kukaona mtumbira.